Dzina limodzi kunsi, manja ambiri pantchito: zoikapo makandulo zasiliva za ku England

Munthu wodziwa siliva wakale mukamupatsa choikapo makandulo, sayamba ndi kusirira maluwa ndi masamba ozokotedwa pamwamba. Amazula nthambi zake mosamala, n'kuzigoneka pansalu, kenako n'kutembenuza tsinde chadodolido kuti aone kunsi kwa phazi. Kumeneko, m'makona kapena m'mphepete, mumakhala tizidindo tinayi kapena tisanu, kalikonse kochepa ngati njere ya mapira: mkango woyenda utatukula mwendo umodzi wakutsogolo, mutu wa kambuku, chilembo chimodzi chili pachokha, ndi zilembo ziwiri za dzina la munthu. Pa tizidindo timeneti amawerengapo mzinda, chaka, ubwino wa chitsulocho ndi mwini shopu amene anachipereka kuti chiyesedwe. Mpando kapena mbale yadothi ya zaka 250 singakuuzeni zonsezi. Komabe chinthu chimodzi tizidindoti timabisa, ndipo n'chimene chimandikhudza kwambiri: sititchula amene anagwira nyundo.

Chinthu chimene tikunena pano, chomwe Angerezi amati candelabrum (zikachuluka candelabra), ndi choikapo makandulo cha nthambi. Pansi pali phazi lotambalala, pakati tsinde, pamwamba kakapu kolowetsamo kandulo. Nthambi zimabwera pazokha, ziwiri, zitatu kapena kuposerapo, zolumikizidwa ku kachitsulo kamene kamalowa m'kakapu kaja. Ukazichotsa umatsala ndi choikapo kandulo imodzi, cha tsiku ndi tsiku. Ukazibwezera, chasanduka cha phwando. Nthambi iliyonse ili ndi kakapu kake ndi kambale kolandira phula lodontha. Kawirikawiri zinkapangidwa ziwiriziwiri, ndipo mpaka lero chimodzi chikasowa mnzake mtengo wake umagwa kwambiri.

Ife amene magetsi akathima timadontheza phula pa sosa n'kumatapo kandulo, tingadabwe kuti munthu ankatayiranji makilogalamu a siliva pa ntchito yaing'ono chonchi. Yankho lili mu kudula kwa kuwala. M'zaka za m'ma 1700, anthu wamba ku England ankayatsa makandulo a mafuta a nkhosa ndi ng'ombe. Ankanunkha, ankafuka utsi, ndipo chingwe chake chinkafunika kudulidwa pafupipafupi ndi kasizasi kapadera, apo ayi lawi linkafooka n'kuyamba kudontha. Makandulo a phula la njuchi ankayaka mowala komanso mopanda fungo loipa, koma mtengo wake unali wa anthu olemera okha. Pamwamba pa izo, kuyambira mu 1709 boma linaika msonkho pa makandulo, wa phula la njuchi n'kukhala wokwera kwambiri, ndipo msonkhowu unakhalapo mpaka 1831. Choncho kuyatsa makandulo khumi ndi awiri patebulo limodzi kunali kuwotcha ndalama alendo akuona. M'zaka zomwezo, nthawi ya chakudya chachikulu m'nyumba za olemera inkasunthira madzulo pang'onopang'ono, kuchoka masana mpaka kukafika dzuwa litalowa. Tebulo linayamba kufuna kuwala kochokera pamwamba, kosatobwa m'maso anthu okhala moyang'anizana. Nthambi zinakweza malawi, ndipo siliva wopukutidwa bwino, pamodzi ndi magalasi a pakhoma, ankabweza kuwalako kuti kandulo iliyonse igwire ntchito ya ziwiri.

Chifukwa china n'chakuti siliva anali ndalama imene. Mbale, supuni ndi zoikapo makandulo zinkapangidwa ndi chitsulo chofanana ndendende ndi cha makobidi a mfumu, chotchedwa sterling: pa magawo 1,000 aliwonse, 925 siliva weniweni, 75 otsalawo makamaka mkuwa, woti ulimbitse siliva poti payekha ndi wofewa. Banja likagwa m'ngongole linkangotenga katunduyo n'kukasungunula. Pa nkhondo yapachiweniweni imene inayamba mu 1642, mbali zonse ziwiri zinasungunula siliva wambirimbiri kuti zilipire asilikali. Makoleji a ku Oxford anapereka wawo kwa Mfumu Charles I. Zina zinapita m'moto chifukwa cha fashoni chabe: mwana akalandira chuma cha bambo ake ankatumiza zakale kwa wosula kuti amupangire zamakono. N'chifukwa chake zoikapo makandulo za nthambi za ku England zopangidwa chisanafike chaka cha 1700 n'zosowa zedi.

Poti katundu wasiliva anali ngati ndalama, panafunika lamulo loletsa wosula kuchulutsa mkuwa mwakabisira. Mu 1300, Mfumu Edward I inalamula kuti siliva aliyense wogulitsidwa afike pa mlingo wa sterling ndipo adindidwe mutu wa kambuku. Bungwe la amisiri a golide ndi siliva a mu London, Goldsmiths' Company, linalandira chikalata cha mfumu mu 1327. Chidindo cha mmisiri chinalamulidwa mu 1363. Mu 1478 anayamba kukakamiza amisiri kubweretsa katundu wawo ku nyumba ya bungweli, Goldsmiths' Hall, kuti akayesedwe komweko, ndipo mawu akuti hallmark anachokera pa holo imeneyi. Chaka chomwecho kunayamba chilembo cha chaka, chimene chinkasintha chaka ndi chaka, poyamba n'cholinga choti adziwe woyesa amene analakwitsa ngati chinyengo chapezeka. Mkango woyenda uja unabwera mu 1544.

Kayesedwe kake kanali kopanda chifundo. Woyesa ankapala tizibenthu pa mbali iliyonse ya chinthucho, n'kutiyeza pa sikelo, n'kutikulunga mu mtovu, n'kutiika m'kambale kopangidwa ndi phulusa la mafupa, kenako m'ng'anjo. Mtovu ukasungunuka unkatenga mkuwa n'kulowa nawo m'phulusa muja, pamwamba n'kutsala kamkanda ka siliva yekhayekha. Akakayezanso, kusiyana kwake kunkaulula zonse. Chinthu chikapezeka choperewera ankachiphwanya n'kubwezera mwini wake zidutswa, ntchito ya milungu ingapo n'kuthera pomwepo.

Pali nyengo imodzi imene tizidindo timasintha nkhope. Anthu atanyanya kudula ndi kusungunula makobidi kuti apangire ziwiya, boma linakweza mlingo wa siliva wa ziwiya kufika pa magawo 958 kuyambira mu 1697 mpaka 1720, kuti kobidi lisathe kulowa m'chikombole osayengedwa kaye. Pa zinthu za nthawi imeneyi mumaona chithunzi cha mkazi wokhala pansi, Britannia, ndi mutu wa mkango, ndipo mmisiri ankadinda zilembo ziwiri zoyambirira za dzina la bambo ake. Kenako kuyambira 1784 mpaka 1890 panawonjezeka mutu wa mfumu kapena mfumukazi, umboni woti msonkho walipidwa.

Luso lenileni la zoikapo makandulo zolemera linakula ndi anthu othawa kwawo. Mu 1685 Mfumu Louis XIV ya ku France inachotsa lamulo limene linkateteza Apulotesitanti a m'dzikolo, otchedwa Huguenots, ndipo masauzande anathawira ku England ndi ku Netherlands. Pakati pawo panali osula siliva ophunzitsidwa bwino, monga David Willaume ndi Pierre Platel. Pierre Harache anali atafika kale zaka zochepa m'mbuyomo. Amisiri a ku England nthawi zambiri ankapanga zoikapo makandulo ndi siliva wopyapyala wosulidwa ndi nyundo. Alendowa ankathira siliva wosungunuka m'zikombole, n'kutulutsa zinthu zochindikala, zolemera m'manja, za m'mbali zakuthwa bwino. Eni mudzi anadandaula kangapo ku bungwe lawo kuti obwerawa akuwalanda msika. Dandaulo lina linali lakuti Angerezi ena ankatenga ntchito ya alendo amene analibe chilolezo, n'kudindapo dzina lawo, n'kuipititsa kukayesedwa ngati yawo. Onani kuti ngakhale pachiyambi pomwe, dzina la kunsi ndi manja a pantchito sizinkagwirizana nthawi zonse.

Tiyeni tilowe m'shopu yotere. Choyamba pamafunika chitsanzo, chosemedwa pa mtengo kapena choumbidwa ndi phula, kenako n'kuchipanga cha mtovu kapena cha mkuwa kuti chikhalitse. Chitsanzocho amachikanikiza mumchenga wosalala, wonyowa pang'ono, wotsenderedwa m'mafelemu awiri otsekana. Akachichotsa mumatsala mphako ya maonekedwe ake, ndipo amaboola tinjira tolowera chitsulo ndi totulukira mpweya. Siliva akasungunuka m'kamphika pa makala opemereredwa ndi mvukuto, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 900, amamuthira mwakamodzi, osazengereza, chifukwa akangozizira panjira chinthucho chimatuluka ndi mabowo. Tsinde linkathiridwa m'mabandu awiri n'kuwotchereredwa m'litali mwake. Mukapumira mpweya pa tsinde lakale, nthawi zina kamzere ka msokowo kamaoneka. Phazi linkathiridwa palokha, nthambi pazokha, makapu ndi timbale patokha. Choikapo chimodzi cha nthambi zitatu chimatha kukhala ndi zidutswa zoposa makumi awiri.

Kulumikiza zidutswazo ndiye mutu ukulu. Chowotcherera chake ndi siliva yemweyo wosakaniza kuti asungunuke msanga kuposa chinthu chikulumikizidwacho, ndipo msoko uliwonse wotsatira umafuna chowotcherera chofewerapo, kuopa kuti moto wa msoko wachisanu ungamasule woyamba. Panalibe choyezera kutentha. Mmisiri ankagwira ntchitoyi pamalo a mdima pang'ono, akuwerenga kutentha pa kufiira kwa chitsulo. Kuchedwa pang'ono chabe, nthambi yonse inkafota n'kusanduka chibuma.

Chikatuluka pamoto chimakhala chakuda, chokhakhala, chosakopa ndi pang'ono pomwe. Amachiviika m'madzi a asidi, n'kuchipala ndi tupa. Kenako chimapita kwa wozokota, amene kwa ine ndiye mwini kukongola konse. Iyeyu amakhazika chidutswacho pa phula lakuda losakaniza ndi utomoni kuti chisagwedere, n'kutenga tizitsulo tosongoka mosiyanasiyana, mazanamazana, tambiri todzisulira yekha, ndi kanyundo kopepuka ka chigwiriro chowonda. Sachotsa siliva ayi. Amangomukankha, kagogodo ndi kagogodo, mpaka tsamba litaoneka mitsempha, nkhono itaoneka mizere, nkhope ya mkango itatsegula maso. Zoikapo ziwiri zotuluka m'chikombole chimodzi zimatha kusiyana ngati usana ndi usiku chifukwa cha munthu ameneyu. Akamaliza iye, wolemba ndi kachitsulo kakuthwa amajambulapo chizindikiro cha banja logula, ndipo otsiriza, kawirikawiri amayi, amakhuta siliva ndi zitsulo zosalala kapena mwala wa agate mpaka atang'anima. Ngati wogula akufuna chokutidwa ndi golide, panali ntchito ina yoopsa: golide ankamusakaniza ndi mercury (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni), n'kupaka, n'kuwotcha kuti mercury auluke. Utsi wake unkawononga ogwira ntchitoyo. Ankayamba kunjenjemera manja, mano kugwedera, ndipo ambiri sankakalamba.

Mwa anthu onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake lili kunsi kwa phazi. Zilembo zija ndi za mwini shopu amene analembetsa chidindo ku holo ndi kuvomera kuyankha mlandu ngati siliva aperewera. N'chifukwa chake masiku ano akatswiri amakonda kuchitcha chidindo cha woperekera, osati cha wopanga.

Izi sizikuchepetsa mayina akuluakulu. Paul de Lamerie, mwana wa makolo othawa kuchokera ku France, anabadwira ku Netherlands mu 1688, anaphunzira ntchito kwa Pierre Platel kuyambira mu 1703, ndipo pomwalira mu 1751 anali wodziwika kuposa osula siliva onse a mu London. Anapitiriza kugwiritsa ntchito siliva wa mlingo wa Britannia mpaka 1732, lamulo litaleka kale kukakamiza. Zinthu za m'shopu mwake za zaka za m'ma 1730 ndi 1740, za kalembedwe ka rococo, zodzaza nkhono, maluwa ndi mizere yokhotakhota ngati madzi oyenda, n'zodabwitsa mpaka lero. Koma anali ndi gulu la amisiri ndi anyamata ophunzira, ndipo zina ankapatsa mashopu ena kuti amupangire. Sanalinso woyera m'manja pa malamulo: mu 1714 bungwe linamulipiritsa chifukwa chogulitsa katundu wosayesedwa.

Anthu amene ndimawalemekeza mwapadera ndi aja amene moyo wawo wonse ankapanga zoikapo makandulo basi. James Gould anaphunzitsa John Cafe, John Cafe n'kuphunzitsa m'bale wake William Cafe, ndipo zitsanzo zinkayenda kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa wophunzira pamodzi ndi luso. Ndiye mukaona zoikapo za m'ma 1740 ndi 1750 zofanana ngati mapasa koma za zidindo zosiyana, musadabwe. Mnyamata ankalowa ntchitoyi ali ndi zaka pafupifupi 14, makolo atalipira, n'kukhala m'nyumba ya bwana wake zaka 7, kuyambira pa kupemerera moto ndi kusesa. Ngakhale zinyalala za pansi sizinkatayidwa. Ankaziwotcha kuti apezemo fumbi la siliva. Mwini shopu akamwalira, nthawi zambiri mkazi wake ankapitiriza bizinesi n'kulembetsa chidindo chakechake. Hester Bateman, amene analembetsa chake mu 1761, ndiye wotchuka pa amayi otere.

Pofika nthawi ya Paul Storr, wosula siliva wina wotchuka wa mu London, nkhani ya dzina inafika pena. Kuyambira 1807 mpaka 1819, Storr ankayendetsa fakitale ya pa Dean Street yopangira kampani ya Rundell, Bridge & Rundell, imene inkagulitsa katundu ku banja lachifumu. Zoikapo makandulo za nyengo imeneyi ndi zimphona, za zifaniziro za anthu ndi nyama, zina zolemera moti munthu mmodzi amavutika kunyamula. Mapulani ankajambula ndi akatswiri a zosema monga John Flaxman ndi William Theed. Pa phazi pankalembedwa dzina la kampani m'Chilatini, m'zilembo zooneka bwino. Kunsi kunali kachidindo ka PS. Wothira, wowotcherera ndi wozokota, zii.

Pamene London inkathira siliva wolemera, mizinda ya Sheffield ndi Birmingham inapeza njira ina. Cha m'ma 1743 mmisiri wa mipeni wa ku Sheffield, Thomas Boulsover, anatulukira kuti siliva wopyapyala akamatidwa ndi moto pa chibuma cha mkuwa, ziwirizo zimapsinjika pamakina ngati chitsulo chimodzi. Apa panabadwa Sheffield plate, yooneka ngati siliva koma yotsika mtengo kwambiri. Amisiri akumeneko anaphunziranso kudinda maonekedwe pa siliva wopyapyala ndi zikombole zachitsulo cholimba, n'kuwotcherera zibenthuzo, n'kudzaza m'kati ndi phula lakuda ndi utomoni, pakati n'kuikapo ndodo yachitsulo, kunsi n'kumatako nsalu yobiriwira. Njirayi inagwirizana bwino ndi fashoni yatsopano ya m'ma 1760 ndi 1770, ya mizati yowongoka ndi timikanda totengera nyumba zakale za Agiriki ndi Aroma, imene katswiri wojambula mapulani a nyumba Robert Adam anaitchukitsa. Matthew Boulton, mwini fakitale wa ku Birmingham, anatopa ndi kutumiza katundu ku Chester, mtunda wa makilomita oposa 100, kuti akayesedwe, zina n'kumabwerako zitaphwanyika panjira. Anamenya nkhondo ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 1773 Birmingham ndi Sheffield zinapatsidwa maofesi awoawo oyesera ndi zidindo zawozawo: nangula wa Birmingham, chisoti chachifumu cha Sheffield. Amalonda ena a mu London ankagula zoikapo za ku Sheffield n'kudinda chidindo chawo pamwamba pa cha wopanga. Mu 1840 a Elkington a ku Birmingham anatenga chiphaso cha njira yokutira zitsulo ndi siliva pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo m'zaka zochepa Sheffield plate yakale inafa.

Apa ndi pamene wogula wa lero amapunthwa, kaya ndi pa okushoni, ku London Silver Vaults, msika wa siliva wa pa msewu wa Chancery Lane, kapena m'shopu ya katundu wakale m'tauni ina ya ku Britain. Choikapo cholemera sikuti ndi siliva yense. Ngati kunsi kuli nsalu, kulemerako mwina n'kwa utomoni. Zilembo za EPNS zikutanthauza chokutidwa ndi magetsi, ngakhale zitadindidwa m'timabokosi tofanana ndi zidindo zenizeni. Pamene Sheffield plate yaperepeseka, mkuwa umasuzumira mofiirira m'makona. Tsinde lasiliva lokhala ndi nthambi za Sheffield plate si chinyengo nthawi zonse, poti ambiri ankagula choncho dala kuti apulumutse ndalama; koma nthambi zasiliva ziyenera kukhala ndi zidindo zawozawo, ndipo chaka ndi dzina zikasiyana kwambiri ndi za tsinde, ndiye kuti wina anazikwatitsa pambuyo pake. Palinso chinyengo chakale kwambiri: pakati pa 1720 ndi 1758, pamene panali msonkho wa mapeni 6 pa aunsi iliyonse (magalamu 31.1), amisiri ena ankapititsa kanthu kakang'ono kukayesedwa, n'kudula kachigamba ka zidindo, n'kukawotcherera pa chinthu chachikulu chimene sichinapiteko ku holo.

Sindingalembe za kukongola kumeneku osanena kumene chitsulo ndi ndalama zinkachokera. Siliva wambiri amene ankazungulira ku Ulaya m'zaka zimenezo anakumbidwa ku Mexico ndi ku phiri la Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia, kumene migodi inatsegulidwa mu 1545 ndipo eni nthaka ankakakamizidwa kulowa pansi mosinthana, ambiri osabwerako. Ena mwa ogula otchuka analemera ndi shuga wolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. William Beckford wa ku Fonthill, amene ankagula siliva wa amisiri ngati John Scofield ndi Paul Storr, chuma chake chinkachokera m'minda ya nzimbe ya ku Jamaica. Amenewanso ndi manja amene ali m'choikapo makandulo, ndipo ndi amene anaiwalika kuposa onse.

Kusungunula sikunathe ndi nkhondo zakale. Mu January 1980, abale a Hunt a ku Texas atagula siliva wochuluka n'kukweza mtengo kufika pafupifupi madola 50 pa aunsi, anthu anaima pamizere ku Hatton Garden, msewu wa amalonda a golide ndi siliva mu London, atanyamula katundu wa makolo awo kukagulitsa pa sikelo, ndipo zinthu zakale zambiri zinalowa m'ng'anjo, ntchito ya wozokota osaiwerengera ndi kobidi lomwe.

Pa zimene zinapulumuka, kunsi kwa phazi nthawi zina kumapezeka chinthu china pambali pa tizidindo: manambala okandidwa ndi kachitsulo, monga 32=7. Amenewa ndi kulemera kwa chinthucho chili chatsopano, maaunsi 32 ndi timagawo 7 mwa timagawo 20 ta aunsi, aunsi yake ya osula siliva ya magalamu 31.1. Pafupi pake pangakhalenso nambala 1 kapena 2, kuti wantchito wa m'nyumba adziwe nthambi yoyenera tsinde lililonse akamaliza kutsuka. Wogula wochenjera amaika chinthucho pa sikelo n'kuyerekeza ndi manambalawo. Chikalemera kuposa kale, wina anawonjezerapo kanthu. Chikapepuka kwambiri, china chake chinadulidwa. Chikapepuka pang'ono chabe, siliva wosowayo anapita ndi nsalu za antchito amene ankachipukuta mlungu ndi mlungu m'chipinda chapansi, mibadwo isanu ndi itatu kapena khumi, mpaka mitsempha ya masamba inafewa ndipo mkango wa pachidindo unatsala mthunzi wokha.